Funsani Alangizi: Mphekesera za m'basi, misozi ya mayi, ndi chikalata cha ku Johannesburg

Mwezi uno makalata ambiri afika ndi nkhani imodzi, ya maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ndasankhapo atatu. Maina ndachotsa monga mwa masiku onse, koma pa kalata yachiwiri ndabisa ndi komboni yomwe, chifukwa nkhaniyi imamangitsa.

*Alangizi, ndine dalaivala wa minibasi, ndimayenda Matero ndi m'tauni. Pa gulu lathu la WhatsApp pafika uthenga wakuti boma linasainirana kale ndi azungu kuti amuna azikwatirana okhaokha, ndipo ati n'chifukwa chake anatipatsa ngongole. Atinso m'busa amene adzakane kudalitsa ukwati wotere adzamangidwa. Dzulo m'basi mwanga anthu anatsala pang'ono kumenyana. Ine ndili ndi ana aamuna atatu. Kodi n'zoona?*

*Bambo wa ku Matero*

Bambo, mtima ukhale pansi, uthengawo ndi wabodza. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kukhothi zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikutsimikizireni kuti lamulo la dziko silisintha mobisa. Bilu imalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, aphungu amaiwerenga katatu, amakangana, amavota, pulezidenti amasaina, kenako imatuluka mu gazeti ya boma. Palibe chipani chimene chinapititsako bilu ya maukwati otere, ndipo a Hakainde Hichilema, asanalowe m'boma mu 2021 komanso atalowa, anena poyera kangapo kuti sagwirizana nazo. Ngongole mukunenayo, ngati ndi ija ya IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, ya mu Ogasiti 2022, ya madola 1.3 biliyoni, inabwera chifukwa dziko linalephera kubweza ngongole zake mu Novembala 2020. Zimene anakambirana kumeneko ndi za misonkho, mafuta ndi magetsi, zomwe inu a dalaivala mumazimva kale mukaima pa pampu.

Lamulo limene lilipo lero ndi lolimba kwambiri. Ndime 155 ya buku la milandu, limene kukhothi timalitchula kuti Penal Code, imapereka kwa amuna ogonana okhaokha chilango cha zaka zosachepera 15, mpaka moyo wonse kundende, ndipo chilangochi chinakwezedwa kufika pamenepa mu 2005. Ambiri sadziwa kuti lamuloli silinachokere kwa makolo athu. Linabwera ndi Angerezi m'zaka za m'ma 1930, dziko lino likadali Northern Rhodesia. Eni akewo kwawo ku England anayamba kulichotsa mu 1967, ife tinatsala nalo.

Komabe sindingakusekeni chifukwa chokayikira, pakuti azungu anayesapo kutikankha, ndipo tonse tinaona. Mu 2011 a David Cameron, ali nduna yaikulu ya Britain, ananena kuti thandizo lingachepe kwa maiko amene amamanga anthu otere. Mu Febuluwale 2012 a Ban Ki-moon anaikhudza nkhaniyi polankhula m'Nyumba yathu ya Malamulo, nthawi ya a Michael Sata. Mu 2019 kazembe wa America, a Daniel Foote, anadzudzula khothi litalamula amuna awiri a ku Kapiri Mposhi kukhala kundende zaka 15. A Edgar Lungu anakwiya, ndipo chaka chisanathe kazembeyo anaitanidwa kwawo. Mu Meyi 2022 maofesi a akazembe a Sweden ndi Finland muno mu Lusaka anakweza mbendera ya utawaleza, chizindikiro cha anthu otere, mawayilesi n'kutentha sabata yathunthu. Munthu wosauka akamauzidwa zochita ndi amene amam'patsa ndalama, mtima umawawa, ndipo ineyo umandiwawa.

Koma tamvetsetsani chimene anthu amenewa ankanena. Ankanena za kumanga ndi kuzunza anthu, osati za ukwati. Apa ndi pamene ambiri m'basi mwanu akusokonezeka, ndipo andale sawathandiza kusiyanitsa. Kuleka kumanga munthu ndi nkhani ina, kum'patsa chikalata cha ukwati ndi nkhani inanso. Dziko la Mozambique linachotsa lamulo lomanga anthu otere mu 2015. Khothi la ku Botswana linalichotsa mu 2019, ndipo khothi la apilo linavomereza mu 2021. Ku Angola nakonso linachoka. M'maiko onsewa mwamuna sakwatira mwamuna mnzake mpaka lero. Abale athu Achewa a ku Tete, amene timakumana nawo ku Mkaika pa Kulamba chaka ndi chaka, akhala opanda lamulo limeneli zaka zonsezi, ndipo chinkhoswe chawo chikuchitika monga kale. Mu Africa monse dziko limene limalola maukwatiwa ndi limodzi lokha, South Africa, kuyambira mu Novembala 2006, khothi lawo lalikulu litagamula mu 2005. Ngakhale kumeneko m'busa sakakamizidwa kudalitsa ukwati umene mpingo wake suvomereza.

Chimene ndaona pa zaka zangazi n'chakuti ng'oma imeneyi imalira kwambiri chisankho chikayandikira, kapena thumba la ufa likakwera mtengo. Kuloza mnzako chala kuti ndi wa zimenezi n'kotchipa kuposa kufotokoza za mtengo wa feteleza. Mukukumbukira riferendamu ya mu Ogasiti 2016? M'gawo la maufulu limene tinkavoteralo munalembedwa momveka kuti ufulu wokwatirana ndi wa mwamuna ndi mkazi. Riferendamuyo inagwa chifukwa ovomereza sanakwane theka la anthu oyenera kuvota, ndipo ndikudziwa amayi angapo a kumpingo kwathu amene sanavotere chifukwa anauzidwa kuti mkatimo mwabisika maukwati a amuna okhaokha. Pepalalo sanaliwerenge. Inuyo uthenga wotsatira ukafika pagulu lanu, mufunse amene watumizayo nambala ya biluyo ndi tsiku limene inawerengedwa ku Manda Hill.

*Alangizi, ndikulemba misozi ili m'maso. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 27, amagulitsa m'shopu, ndipo ndiye amalipira lendi ndi fizi ya azing'ono ake. Mlongo wake anaona mameseji m'foni mwake. Titam'funsa sanakane, anati ali ndi mnzake wamwamuna kwa zaka zitatu ndipo anadzidziwa kuti ali choncho ali wamng'ono. Bambo ake akuti achoke pakhomo, apo ayi akam'pereka okha kupolisi. Abusa akuti tim'bweretse asale kudya masiku 7 am'chotse chiwanda. Azakhali ake akuti tim'pezere mkazi kumudzi mwamsanga. Ine sindikudya, sindikugona. Ndinalakwa pati? Ndichite chiyani?*

*Mayi wosweka mtima*

Amayi, pepani. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Simunalakwe paliponse. Simunam'lere molakwika, simunam'dyetse kanthu, ndipo palibe amene anakulodzerani mwana. Ana otere amabadwa m'nyumba za abusa, za asilikali, za mafumu, kumudzi ndi m'tauni momwe.

Ndiyambe ndi chimene chili chachangu. Kupolisi musapite, ndipo bambo akewo muwagwire mwendo asapiteko. Iwo akuganiza kuti mwana akagona m'selo masiku awiri, achite mantha, abwere atasintha. Sizikhala choncho. Doketi ikatsegulidwa, mlandu umakhala wa boma, osati wa banja, ndipo simungapite mawa n'kukanena kuti takhululukirana ngati mmene timachitira mwana akaba wailesi ya m'nyumba. Zaka 15 ndiye poyambira. Amuna awiri a ku Kapiri Mposhi aja anatuluka chifukwa a Lungu anawakhululukira mu Meyi 2020 pamodzi ndi akaidi ena ambiri. Pakanapanda zimenezo bwenzi akadali mkati. Mwana wanu angalowe ali ndi zaka 27 n'kutuluka ali ndi 42, inu mukunyamula mbale Lamlungu lililonse kupita kundende. Mlongo wakeyo mumuuze lero lomwe kuti mameseji amene anaona asatumize kwa aliyense, ngakhale kwa mnzake wapamtima. Muno mu Lusaka muli anthu amene amadyera nkhani zoterezi: akadziwa, amayamba kuimba foni kuti tipatse ndalama, apo ayi tikuulula.

Ndikuuzeni za m'banja mwathu, pakuti sindikulankhula za m'mabuku. Mwana wa mng'ono wanga anathamangitsidwa pakhomo pa nkhani yomweyi. Bambo ake anam'ponyera zovala panja m'thumba la pulasitiki, aneba akuonerera pa mpanda. Anagona pa siteshoni ya mabasi masiku anayi. Mayi ake ankaphika nsima ndi kapenta, n'kukulunga mbale mu chitenje, n'kundipatsira ine kuseri kwa nyumba kuti ndikam'patse. Tsiku loyamba ndinam'peza atakhala pa thumba lake lija, atavala shati yoyera imene ankavala poimba kwaya. Sanadye. Anangondifunsa kuti, "Amayi akulu, amayi ali bwanji? Akumwa mankhwala awo?" Pambuyo pake anapita ku South Africa. Bambo ake atadwala shuga, ndalama za mankhwala zinkachokera kwa iyeyo kudzera mwa ine, mwezi ndi mwezi. Mlamu wangayo ankadziwa kumene zikuchokera, ankalandira, koma dzina la mwana wake sanalitchulenso. Anamwalira asanaonane. Pamaliro mnyamatayo anabwera, anagula bokosi, anakhala panja pamoto ndi amuna usiku wonse popanda wom'lankhula, m'mawa n'kunyamula nawo bambo ake. Mng'ono wanga mpaka lero akamawerenga zaka 7 zimene mwanayo anakhala kunja kwa pakhomo amalira. Mwanayo sanasinthe chifukwa chothamangitsidwa. Chimene chinasintha n'chakuti pakhomopo panasowa mwana.

Za mkazi wa kumudzi, apa ndiye ndikulankhula monga mlangizi. Musayerekeze. Mtsikana amene mukam'tengeyo ndi mwana wa eni, ali ndi mayi amene amam'konda monga inu mukondera wanu. Ndakhalapo pamphasa ndi akazi otere atabwera kudzadandaula. Amati ndachita zonse zimene munandilangiza, ndimasamba, ndimaphika, mikanda ndinavala, koma amuna anga sandiyang'ana, kodi ndili ndi chilema chanji? Amadziimba mlandu zaka ndi zaka pa chinthu chimene akuluakulu a kuchimuna ankachidziwa tsiku lopereka malowolo. Kumeneko n'kuphimba manyazi anu ndi moyo wa mwana wa mnzanu.

Kupemphera pempherani, inenso ndikupemphererani. Koma musalole kuti mwana wanu amangidwe zingwe, amenyedwe, atsekeredwe m'chipinda kapena aimikidwe kutsogolo kwa mpingo kuti aulule. Bungwe la zaumoyo la WHO linachotsa khalidweli pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndipo palibe mankhwala, a chipatala kapena a sing'anga, amene amasintha munthu wotere. Chimene ndaona chikutuluka m'zipinda zimenezo ndi ana amene aphunzira kunama bwino, ndi ena amene amafika poganiza zodzipha. Mukaona mwana wanu wasiya kudya, akugawa katundu wake, kapena akulankhula ngati wotsanzika, musam'siye yekha, mupite naye kuchipatala.

Sindikukuuzani kuti musinthe chikhulupiriro chanu. Mpingo wanga sudalitsa maukwati otere, ndipo ineyo sindinalangizepo banja lotere. Maepiskopi a Katolika a muno mu Zambia, ngakhalenso a ku Malawi, anakana mu Disembala 2023 kudalitsa anthu otere awiriawiri ngakhale Vatican inatsegulako khomo. Koma katekisimu wa mpingo womwewo amalamula kuti anthu amenewa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo Papa Francis mu Januwale 2023 ananena kuti kukhala wotero si mlandu woti munthu amangidwire. Mungathe kukhulupirira zimene mumakhulupirira, mwana wanu n'kumadyabe m'mbale mwanu. Ndi angati a ife tili ndi ana oledzera, ana amitala yobisa, ana amene anabereka pakhomo, koma Khrisimasi timadya nawo?

Bambo ake musalimbane nawo nokha, ndiponso osati usiku mitima ili m'mwamba. Ife Achewa mwana ali ndi mwini mbumba. Itanani malume ake, mlongo wanu amene mumam'dziwa kuti ali ndi chifuwa chosunga nkhani, akhale pansi ndi alamu akewo amuna okhaokha. Msonkhano wa banja lonse ayi, chifukwa mawa lake nkhani idzakhala ili pamsika. Chimene malumewo akapemphe ndi chimodzi chokha: kupolisi kusapitidwe, ndipo chitseko chisatsekedwe. Ngati bambo ake sangathe kumuona pakhomo pakadali pano, mnyamata wa zaka 27 angathe kukapeza kachipinda kake mwamtendere, osati mothamangitsidwa, ndipo inu muzikamuona. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Usiku uno muphike, mudye, ndipo mum'gawire mwana wanu ndi dzanja lanu.

*Alangizi, achimwene anga amakhala ku Johannesburg ndipo chaka chatha anamanga ukwati ndi mwamuna mnzawo ku ofesi ya boma kumeneko. Kunyumba ndikudziwa ndine ndekha. Akufuna kugula puloti kuno. Kodi chikalata chawocho chimagwira ntchito mu Zambia? Ndipo inuyo, Alangizi, mumaiona bwanji nkhani imeneyi? Musazembe.*

*Mtsikana wa pa koleji, Chilenje*

Mwanangu, chikalatacho kuno sichigwira ntchito. Kaya ndi ukwati wa kwa boma, wa kutchalitchi kapena wa chikhalidwe umene makhothi ang'onoang'ono amauzindikira, kuno ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Ku Namibia khothi lalikulu linagamula mu Meyi 2023 kuti maukwati otere omangidwa kunja azizindikiridwa, aphungu n'kudzuka kulemba lamulo lotsutsa. Ku Malawi lamulo la maukwati la mu 2015 limanena za mwamuna ndi mkazi, ndipo mu Juni 2024 khothi linakana kuchotsa lamulo lomanga anthu otere.

Za puloti ndiye mumvetsere. Munthu akamwalira wopanda wilo, lamulo la chuma cha masiye la mu 1989 limagawa motere: 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wa malemu, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Mnzawo wa achimwene anu pa lamulo limeneli ndi mlendo, ngakhale atathira ndalama zake pa maziko ndi malata. Kukhothi ndinaona akazi amasiye enieni, a chikalata m'manja, akulandidwa mpaka mapoto. Nanga amene lamulo silimudziwa? Ngati akufuna kugula, apite kwa loya, maina onse awiri alembedwe pa mapepala a pulotiyo monga ogula limodzi, ndipo aliyense alembe wilo pamaso pa mboni ziwiri. Mukamva kuti anthuwa akulimbikira ukwati, mbali yaikulu ndi imeneyi: nyumba, penshoni, ndi woti asaine kuchipatala wina akadwala.

Mwati ndisazembe. Otsutsa ali ndi mfundo zimene ndimazimva ndi mtima wonse. Kwathu ukwati si wa anthu awiri okha. Umalumikiza mabanja awiri, uli ndi ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi, umayang'ana ana ndi mbumba ya mawa. Dziko lino a Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu mu Disembala 1991, mawuwo n'kulowa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1996, ndipo anthu ambiri amaona kuti ukwati wotere ukutsutsana ndi zimenezo. Ovomereza nawo amati boma ndi la nzika zonse, opemphera ndi osapemphera, ndipo akuluakulu awiri ogwirizana, amene sanagwirire kapena kunyenga mwana, salakwira munthu. Dziko loyamba kulola linali Netherlands mu 2001, ndipo ngakhale kwa azungu komweko anakangana zaka zambiri.

Pa za ukwati ine ndikadali kumene ndinakulira, ndipo sindikunamizeni. Ndikanafunsidwa kuvota lero, sindikanavomera. Koma pa za ndende ndinasintha maganizo tsiku lija pa siteshoni. Wogwirira, wogona ana, kaya ndi aamuna kaya aakazi, amangidwe ndipo chilango chikhale chowawa. Malamulo a zimenezo alipo kale paokha. Koma kutenga munthu wamkulu wogwira ntchito, wolera azing'ono ake, n'kum'tsekera zaka 15 chifukwa cha zimene wachita ndi wamkulu mnzake atatseka chitseko, ine sindikuonapo chilungamo. Chigololo Baibulo limachiletsa momveka, koma sitimangira munthu zaka 15. Lamulo limeneli limathawitsanso anthu kuchipatala, osakayezetsa magazi kapena kukatenga ma ARV poopa mafunso, ndipo matenda akabisala amafika ndi kwa akazi aja amene anakwatiwa mophimbira. Ndikanakonda aphungu athu akanakambirana zimenezi okha, modekha, popanda kazembe wowaopseza ndiponso popanda wandale wofuna mavoti. Njira ya ku Uganda, kumene mu 2023 anaika mpaka chilango cha imfa pa milandu ina yotere, sindikuifunira dziko lino.

Achimwene anuwo muwauze kuti akamabwera kudzaona pulotiyo, chikalata chawo achisiye ku Johannesburg, chifukwa kuno sichiwateteza koma chingasanduke umboni wowatsutsa. Zithunzi za tsiku la ukwatilo muzichotse m'foni mwanu, ndipo pa Facebook musaikepo chilichonse. Za kuuza makolo muwasiyire eni ake, adzanene okha pa nthawi imene iwo aona kuti yakwana.